Maluwa achikasu a mu paki yathu

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ambirife kuno ku Johannesburg timadyera ntchito ya mu gadeni za anthu. Lero ndikukamba za Loweruka, tsiku lomwe timagwira khasu mu paki ya m'dera lathu mongodzipereka, popanda wotilipira.

Musanene kuti sizitheka, pitani ku paki ya The Wilds ku Houghton. Malo aja anthu ankawaopa, atasanduka tchire. Anthu ongodzipereka ndi amene anasadzula mitengo ndi kulambula tinjira, lero mabanja akuyendamo ndi ana.

Tsono tidzalemo chiyani? Kuno n'kumtunda, mamita opitirira 1,700, ndipo chisanu cha June ndi July chimawaula masamba usiku umodzi. Mvula imayamba cha mu October. Tikufuna maluwa amene ukadzala kamodzi amaphukira okha chaka ndi chaka.

Ine mtima wanga uli pa Bulbine. Taonani phata ndanyamulali. Masamba ake ali ngati a anyezi, koma ukathyola mumatuluka madzi oterera amene anthu akuno amapaka pomwe waluma udzudzu kapena powauka pang'ono. Timaluwa take ndi tachikasu, njuchi sizichokapo. Phata likakula, kukayamba kufunda mu September, mulizule ndi foloko, muligawe ndi manja, chigawo chilichonse chikhale ndi mizu yake. Mudzale motalikana phazi limodzi, muthirire mpaka chigwire, muphimbire ndi masamba ouma. Simugula mbande ayi. Euryops, chitsamba cha maluwa achikasu, nayenso amapirira, mungomudula maluwa ofota.

Mukapeza kaduwa kachikasu konga nyenyezi m'udzu, ameneyo ndi Hypoxis, Azulu amati inkomfe. Ambiri amamukumba kuti apange mankhwala mpaka akusowa m'malo ena. Chonde musiyeni.

Pali nkhani ya deliya. Ine ndinakula ndikuona mayi anga akunyika masamba ake m'madzi kuti athirire ndiwo, ndiye ndimamukonda kwambiri. Koma deliya kwawo ndi ku Mexico, ndipo lamulo la dziko lino limamuika m'gulu la zomera zolanda malo zoyenera kuzulidwa. Wina akakutumizirani njere pa basi, musabwere nazo mu paki.

Tisanakumbe paliponse timayamba tapempha kwa a City Parks, oyang'anira mapaki a mzinda uno, malowa ndi awo. Loweruka bwerani m'mawa dzuwa lisanakule, amene ali ndi wilibala abwere nayo.