Mawu a m'mawa: Mlimi wa ku Tekowa ndi sikelo ya venda

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, kuno ku Bembeke kwacha ndi nkhungu, zala zachita kuuma ndi chisanu moti foni ndikuigwira movutikira. Tiwerenge Amosi 7:14-15 kenako 8:4-6.

Amosi sanachokere kubanja la aneneri ayi, anali woweta ziweto wa ku Tekowa komanso ankasamalira mitengo ya nkhuyu, Mulungu anachita kukamutenga kubusa nkumutuma ku Beteli komwe kunali kachisi wa mfumu Yerobiamu. Wansembe Amaziya anamukalipira kuti abwerere kwawo ku Yuda azikadyera komweko. Koma tamvani zomwe mlimiyu ankadzudzula, ndi nkhani za chuma zenizeni, amalonda ongodikira Sabata ithe kuti atsegule malonda, kuchepetsa muyezo, kukweza mtengo, sikelo zachinyengo, mpaka kugulitsa tirigu wosakaniza ndi zinyalala, munthu wosauka nkumugula pamtengo wa nsapato.

Ndimeyi ine imandikumbutsa mayi anga. Chaka china ndinawaperekeza kumsika atasenza nyemba zomwe anapeta okha masiku atatu, kunyumba tinali titayeza bwinobwino, kufika pa sikelo ya venda makilo awiri asowa. Mayi sanayankhe kanthu, anangopukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje nkumanga ndalama zija pamfundo, ulendo wonse wobwerera ali duu, ndipo ine ndinkadziwa kuti mumtima akuwerengera fizi yanga yomwe siikwananso. Mpaka lero ndikaona thumba la mbatatesi losokerera pamwamba lija m'mbali mwa msewu wa M1, thumba limodzi ndi theka koma mtengo wa limodzi, mtima umandiwawa.

Nchifukwa chake ndimapempherera kuti ku palamenti kuzipita anthu odziwa khasu komanso odziwa masamu a chuma. Akatswiri a zachuma takhala nawo. Malemu a Goodall Gondwe anagwira ntchito zaka zambiri ku IMF, bungwe loona za chuma padziko lonse, mu 2004 anakhala nduna ya zachuma, mu 2009 nkuwina mpando wa phungu ku Mzimba North. A Bingu wa Mutharika nawonso anali katswiri wa zachuma komanso anali ndi munda wawo wa Ndata ku Thyolo, ndipo makuponi a feteleza anayamba nthawi imeneyo mu 2005. Za zipani aliyense ali ndi mbali yake, sindikulowako, ine chomwe ndikukumbukira nchakuti kwathu nkhokwe inadzadza titangochoka kumene pa njala. Zolembedwa mu bajeti ku Lilongwe zinafika mpaka mu m'phika mwa mayi anga.

Munthu woti anapalirapo, anabandirapo, anaonapo chiwawu chikuotcha mbatatesi munda wonse sabata imodzi, akamva zoti feteleza wakwera saona nambala chabe, amaona munthu wina wake wakumudzi yemwe chaka chino athira theka. Koma abale mpando umaiwalitsa. Galimoto ikakhala ya magalasi akuda fumbi la kwanu sulimvanso, ndipo a Amaziya sasowa, okuuza kuti khalani chete bwana mudye bwino. Amosi atafunsidwa sanadzikweze, anangonena kuti ndine woweta ziweto, Yehova ndi amene ananditenga.

Tisangoloza aphungu okha. Inu msungichuma wa banki m'khonde, inu tcheyamani wa kalabu ya alimi amene mumalemba mayina a olandira zipangizo, inu amene mwapachika sikelo pamtengo m'mawa uno, ndimeyi ndi yanunso, ndi yanganso poti nane ndimagulitsa tomato ndipo ndikudziwa chiyeso choika wowola pansi pa mulu.

Tipemphere. Atate, aphungu onse 229 aja mukuwadziwa mayina, amene anachokera kumunda musalole aiwale matuza a khasu, amene anaphunzira za chuma muwapatse mantha a Inu akamavota bajeti. Mlimi amene akupita ku Lizulu kapena ku Tsangano lero akapeze sikelo yoona. Ndipo ine mundigwire dzanja ndikamaunjika milu. M'dzina la Yesu, Amen.