Abambo, musabayitse jakisoni wa mphamvu musanayezetse magazi

Zikomo a mfumu, zikomo akuluakulu a mpingo potibwereka mabenchiwa. Amayi ndi abambo, mwaswera bwanji? Anyamata mwaima kumpandako, senderani kuno. Nkhani ya lero ndi yanunso, mwinanso yanu kwambiri kuposa madala akhala kutsogolowa.

Zimene zinachitika sabata yatha kuno ku Kawale nonse mwazimva, ena mwazimva zothira mchere. Dzina sinditchula, koma mwiniwake wandilola kuti ndinene, akuti anzake asagwe m'mbuna yomweyi. Bambo wa zaka za m'ma 40, wooneka wathanzi ndithu. Mwendo unayamba kutupa, kenako kubanika, aneba n'kumuthamangitsira ku chipatala cha Central usiku. Magazi anali ataundana mumtsempha. Ali moyo, akupezako bwino. Sanalodzedwe ayi, ndipo mayi akunyumba kwawo muwasiye, sanawadyetse kanthu. M'thumba la jekete munapezeka timabotolo ta jakisoni wa testosterone, togula kwa munthu wina wa pa WhatsApp, ndipo ankabayidwa ndi mnzake kuseri kwa shopu. Miyezi ndithu akubayidwa. Magazi sanayezetsepo ngakhale kamodzi.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane. Musabayitse, musamwe, musadzole mankhwala a mahomoni a abambo musanayezetse magazi kuchipatala.

Pepani amayi, pepaninso ngati pali okhala moyandikana ndi apongozi awo, lero zinthu tizitchula ndi maina ake. Testosterone ndi homoni ya abambo, mankhwala amene thupi limapanga lokha, ndipo amapangidwa m'machende. Ndi amene amachititsa kuti mnyamata akatha msinkhu mawu akhale a besi, ndevu zimere, minofu ikule, chilakolako chibwere. Amalimbitsanso mafupa ndi kuthandiza thupi kupanga magazi. Koma machende sadzilamulira okha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa pituitary. Kameneka kali ngati kapitawo wa pa esiteti ya fodya ku Kasungu: amasuzumira m'shedi, akaona kuti katundu wachepa amatuma uthenga kwa antchito kuti limbikani, akaona kuti mwadzaza amati weruka. Uthengawo ndi homoni ina yotchedwa LH. Kapitawoyu musamuiwale, tikumana nayenso.

Munthu akadutsa zaka 30 kapena 40, testosterone amayamba kutsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pa chaka. Amenewo si matenda, ndi kukula. Agogo a zaka 70 asamapikisane ndi mdzukulu wawo, ayi. (Anthu akuseka.) Chimene ife timachitcha vuto n'chakuti homoniyo yatsikiratu, ndipo munthu ali ndi zizindikiro: chilakolako chatheratu, m'mawa chida sichidzukanso monga kale, ndevu akumeta patalipatali, mabere ayamba kukula, machende achepa. Koma kutopa kokha? Wakabaza wopalasa njinga kuchokera ku Chinsapo mpaka m'tauni tsiku lonse, m'mimba muli chimanga chootcha chimodzi, usiku osagona kuganiza za katapila, ameneyo atopa basi. Jakisoni alibe naye ntchito.

Ndikuuzeni zimene timaona kuchipatala. Bambo wina, osati wa kuno, analowa m'chipinda changa n'kutseka chitseko yekha, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti adokotala, m'nyumba zinthu sizikuyenda, ndibayeni ya mphamvu ija. Ndinamufunsa kuti usiku mumadzuka kangati kukataya madzi? Akuti kandowa kamadzaza kusanache. Ludzu? Akuti jagi sichoka pafupi ndi bedi. Ndinamubaya chala, shuga ali m'mwamba. Bambo ameneyu anali atawononga ndalama zambiri pa mabotolo a kudepoti, pamene matenda ake anali a shuga, ndipo mankhwala ake kuchipatala cha boma salipiritsa. Abambo ambiri ofooka kuchipinda vuto lawo si mahomoni. Ndi shuga, BP, fodya, mowa, nkhawa. Mitsempha ya magazi ya kumusiko ndi yaing'ono kuposa ya mtima, ndiye ikayamba kutsekeka imayambira kumeneko. Kufooka kuja nthawi zina ndi thupi likukuchenjezani kuti mtima uli panjira. Inu m'malo mobwera tikuyezeni, mukukagula botolo lopanda ndi pepala lomwe.

Abambo mumativuta. Kusikelo amayi okha, kuyezetsa amayi okha. Inu mumabwera atakunyamulani. Ndiye mverani mmene kuyezaku kumayendera, muone kuti palibe choopsa.

Ndi magazi a pamkono, kabotolo kamodzi kakang'ono. Palibe amene akuvuleni pagulu. Koma nthawi ndiye nkhani. Testosterone amakhala wochuluka m'mawa, dzuwa likamapendeka amatsika. Ndiye magazi timatenga m'mawa, pakati pa 7 ndi 10 koloko, munthu asanadye. Tiyi wanu uja wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri amatsitsa nambala, ife n'kuyesa muli ndi vuto pamene mulibe. Madzi imwani. Alonda ndi ena ogwira ntchito usiku, muzinena, chifukwa m'mawa wanu si m'mawa wa anzanu. Ndipo ngati mukudwala malungo, chifuwa, kapena mwangotuluka kumene m'chipatala, dikirani muchire kaye. Thupi likamalimbana ndi matenda homoniyi imatsika yokha, mukachira n'kubwerera.

Chachikulu ndi ichi: kuyeza kamodzi sikokwanira. Zotsatira zikatuluka zotsika timabwereza tsiku lina, m'mawa womwewo, osadya. Ena amene zoyamba zinatsika, zachiwiri zimatuluka zabwinobwino. Papepala mudzaona nambala. Malabotale ena amalemba mu nmol/L, ndipo kumeneko kupyola 12 nthawi zambiri zili bwino, kutsika pansi pa 8 ndiye zatsikadi, pakatipo dokotala amafuna kuonanso zina. Ena amalemba mu ng/dL, malire ake amakhala cha m'ma 300. Musatenge pepala lanu kukafananitsa ndi la mnzanu pa bawo, mwina mwayezetsa kosiyana. Bweretsani kwa amene anakutumizani.

Zikatsika kawiri konse, sitithamangira jakisoni. Timafunsa kuti chatsitsa n'chiyani. Timayeza LH uja. Akakhala wokwera, ndiye kuti uthenga ukupita koma machende sakuyankha, mwina munadwala matsagwidi mutakula kale n'kutupa kumusi, mwina munavulala pa ngozi ya njinga yamoto. Akakhala wotsika, vuto lili kumtunda, kwa kapitawo uja. Chimimba ichi mumachitcha cha mabwana chimatsitsa testosterone, chifukwa mafuta a m'thupi amasandutsa ina kukhala homoni ya amayi. Kachasu amatsitsa. Tramadol, mankhwala opha ululu amene anyamata ena mukumwa ngati maswiti, amatsitsa kwambiri. HIV yosamwera mankhwala ndi TB zimatsitsa, ndiye amene muli pa ma ARV musasiye, amenewo ndiwo akukutetezani. Mwa apo ndi apo timapeza chotupa pa pituitary pomwepo, munthu mutu ukumuwawa, maso sakuona bwino m'mbali. Ameneyo mukamubaya jakisoni wa kuseri kwa shopu, chotupa chija chizingokula.

(Mayi wina akweza dzanja: "Adokotala, ndifunsire mlamu wanga. Akhala pabanja zaka zambiri opanda mphatso. Anthu awauza kuti jakisoni ameneyu amawonjezera mphamvu yobereka. Ndiye iwowo asabayitsenso?")

Mayi, zikomo, mwafunsira anthu ambiri amene angokhala chete pano. Alamu anuwo ndiwo asayerekeze n'komwe. Mwa anthu onse, amene akufuna mwana ndiye woyamba kuthawa jakisoni ameneyu.

Kumbukirani kapitawo uja. Mukabaya testosterone wochokera kunja, magazi amadzaza. Iye akasuzumira amaona kuti katundu ndi wambiri, n'kuleka kutumiza uthenga. Machende amaima ntchito. Tsono ntchito ya machende ndi ziwiri, kupanga homoni ndi kupanga mbewu, ndipo mbewu imafuna testosterone wopangidwa m'kati momwemo, amene amakhala wochuluka kwambiri kuposa wa m'magazi. Wa jakisoni salowa m'malo mwake. Ndiye bambo amaoneka wamphamvu, minofu yatuluka, chilakolako chilipo, umuna ukutuluka monga mwa masiku onse, koma mbewu mulibe. Machende amayamba kufota. Izi si zongoganiza ayi. Mu 1990 bungwe la WHO linatulutsa kafukufuku amene ankabaya abambo testosterone sabata iliyonse ngati njira yakulera, ndipo ambiri mwa iwo mbewu inatheratu m'miyezi 6. Mwamva? Ngati njira yakulera! Ndiye alamu anu alipire ndalama zawo kugula kulera, kwinaku akudikira mwana?

Akasiya, kwa ambiri mbewu imabwerera, koma pamatenga miyezi, ena chaka kapena kupyola, ndipo amene abayitsa nthawi yaitali ena sibwereranso bwinobwino. Mbewu imodzi kuti ikhwime pamatenga masiku oposa 70, si za lero ndi mawa.

Chimene alamu anu achite ndi ichi. Apite onse awiri ndi akazi awo. Ndikudziwa kwathu kuno mwana akasowa chala chimaloza mayi, azilamu kumunena, ankhoswe kukhalirana pansi, mwina mpaka kumubweza kwawo, pamene bamboyo sanayezedwepo. Mabanja ambiri osowa mphatso vuto limapezekanso kwa bambo. Kuyeza kwake koyamba si kwa magazi, ndi kwa umuna. Amakhala masiku 2 mpaka 7 osakhalira limodzi ndi mayi, n'kupereka m'kabotolo ku labotale, akatswiri n'kuwerenga pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Zikaoneka zochepa ndi pamene timayeza mahomoni. Ndipo ngati vuto lili kwa kapitawo, alipo mankhwala ena amene amadzutsa machende m'malo mowagoneka, koma amenewo amalemba ndi dokotala wa ku chipatala chachikulu. Mukawauze mwaulemu, mayi, musakawauzire pa maliro anthu ali gulu.

Tibwerere kwa m'bale wathu uja. N'chifukwa chiyani magazi anaundana? Testosterone amauza thupi kuti lipange magazi ambiri. Akachuluka mopyola, magazi amalemera, sayenda bwino m'mitsempha, ndipo angathe kuundana m'mwendo, m'mapapo, kapena kubweretsa sitiroko. N'chifukwa chake munthu amene tamuika pa mankhwalawa mwalamulo, ndipo alipo amene amafunikiradi ndipo amathandizika, timamuyeza kulemera kwa magazi asanayambe, n'kumabwerezabwereza. Wachikulire timamuyezanso prostate, kachiwalo kali pansi pa chikhodzodzo, ndi magazi otchedwa PSA, chifukwa ngati muli khansa homoniyi imaidyetsa. Wa pa WhatsApp uja anakuyezani zimenezi? Iye amangofuna muone meseji yoti ndalama yalowa. Anyamata a kojima, onyamula zitsulo, ndikunena inu. Mabere amene ayamba kutuluka mnzanu uja, ziphuphu kumsana, kupsa mtima ndi zazing'ono, mukuyesa n'chiyani? Musabayitse musanayezetse.

Mapilitsi a buluu aja othandiza chida kudzuka ndi nkhani ina, si mahomoni, amangotsegula mitsempha. Koma munthu amene amamwa mankhwala a mtima oika pansi pa lilime akaphatikiza ndi amenewo, BP imagwa mwadzidzidzi, angathe kufera pomwepo. Gondolosi wa agogo sindilimbana naye lero. Amene ndikulimbana nawo ndi mabotolo ndi timapaketi tolembedwa kuti zachilengedwe, chifukwa ena amathiramo mankhwala a mapilitsi omwewo mobisa, mlingo wake osadziwika. Mankhwala m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo a mahomoni sagulitsidwa popanda dokotala kulemba.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, amayi akuganiza za ndiwo. Ndithamange. Tengani buku lanu lakuchipatala, yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, kuno ku Kawale kapena ku Bwaila. Nenani zoona, ndi mabotolo onse amene mwakhala mukumwa mubwere nawo, sitikumangitsani. Tiyamba ndi BP, shuga, sikelo, HIV. Makina a mahomoni sapezeka paliponse, ndiye pakafunika tikulemberani kalata ya kumene mungakayezetse, kwina n'kolipira, funsani mtengo musanapite. M'mawa, osadya, musakudwala, kawiri. Amene mwayamba kale kubayitsa musabise, bwerani sabata ino tione magazi anu, ndipo mwendo ukatupa kapena mukabanika musadikire kuche. Musabayitse musanayezetse.

Anzanga a zaumoyo abwera ndi makina a BP, ali patebulo pansi pa mtengo wa mango apo. Abambo ayambe ndiwo lero, amayi mutikhululukire. A mfumu, mutitsogolere ndinu, pindani mkono wa malayawo.