Takisi ya pabwalo la ndege: mmene mita imawerengera, ndi mmene oitanira amakolera apaulendo

[Chithunzi: chitseko chotulukira pabwalo la ndege chikutseguka. Anthu adzaza kutsogolo, ena anyamula zikwangwani za mayina.]

Mwatsika ndege, pasipoti adinda, chikwama mwachipeza. Mukungotuluka pachitseko chomaliza, bambo wovala bwino, chitupa chili lende pakhosi, wafika kale pambali panu: "Takisi, bwana? Tiyeni, galimoto ili pompa." Musanayankhe n'komwe, dzanja lake lagwira chikwama chanu.

Apa ndi pamene apaulendo ambiri amaluzira ndalama. Mwatopa, foni ilibe intaneti, ndalama za dzikolo simunazizolowere, ndipo mtengo woyenera simukuudziwa. Iyeyo zonsezi akuzidziwa bwino. Ndiye gwirani mfundo iyi kuyambira pano: nkhani ya mtengo imatha chikwama chisanalowe kubuti. Chikalowa, mphamvu zokambirana zachoka m'manja mwanu.

[Chithunzi: zikwangwani za pabwalo zolozera kumene kumaima matakisi, kenako mzere wa matakisi panja.]

Takisi yovomerezeka siyisaka munthu mkati mwa bwalo. Imaima pamzere wake panja, pamalo amene zikwangwani za bwalolo zikukulozerani, ndipo nthawi zambiri pamakhala wogwira ntchito amene amakupatsani galimoto yotsatira. Amene akukulondolani mkati, ngakhale atavala jekete yowala, ndi woitanira. Ku London lamulo limaletseratu kuitanira anthu motere: takisi zakuda zovomerezeka za mumzindawu ndi zimene zimaloledwa kunyamula munthu amene sanabukitse, pamene magalimoto ena onse a hayala amayenera kubukitsidwa kaye. Chifukwa chake si ndalama zokha. Galimoto yonyamula anthu mozemba malamulo ikachita ngozi, inshuwalansi yake ikhoza kukana kukulipirani, ndipo palibe paliponse palembedwa kuti munakwera galimoto imeneyo.

Woitanira mwiniwake kawirikawiri sayendetsa. Amakutengerani kumalo oimika magalimoto, kutali ndi makamera ndi apolisi, n'kukuperekani kwa dalaivala amene amamupatsa kangachepe pamutu uliwonse. Kangachepeko kamachokera m'thumba mwanu. Mawu awo amafanana kulikonse: mzere wa matakisi ndi wautali kwambiri lero, matakisi ali pa sitalaka, sitima yasiya kuyenda, apu yanu ya pafoni yoitanira galimoto siyiloledwa pano. Musatsutsane nawo. Nenani "ayi, zikomo" mukuyenda, dzanja lili pachikwama, mukafunse kuofesi yofunsira zinthu ya bwalolo.

Ngati hotela yakutumizirani galimoto, chenjeraninso. Woitanira wochenjera amatha kukopera dzina lanu pachikwangwani cha dalaivala weniweni n'kukaima kutsogolo kwake. Musamuuze kumene mukupita. Mufunseni iyeyo kuti wamutuma ndani, ndipo akupita nanu kuti.

[Chithunzi: mita ya takisi yaoneka pafupi. Manambala ofiira, kanambala kena kakang'ono pakona.]

Tsopano tifike pa mita, chifukwa anthu ambiri amaikayikira pomwe ikuchita bwino, n'kuikhulupirira pomwe ikuwabera.

Chipangizochi ndi chakale ndithu. Mita ya mtundu umene tikuudziwa lero anaipanga Friedrich Wilhelm Gustav Bruhn wa ku Germany mu 1891. Za masiku ano ndi zamagetsi, koma ntchito ndi yomweyo. Mita imaphatikiza zinthu zitatu. Choyamba ndi ndalama yoyambira, imene imaoneka dalaivala akangodina batani. Chachiwiri ndi mtunda: galimoto imatumiza timauthenga kumita mogwirizana ndi kuzungulira kwa matayala, ndipo mita imasandutsa timauthengato kukhala makilomita. Chachitatu ndi nthawi, imene imawerengedwa galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono.

Tiyeni tione ndi manambala enieni a matakisi achikasu a ku New York, monga anawakhazikitsira mu December 2022. Poyambira ndi madola 3. Kenako mita imawonjezera masenti 70 pa mamita pafupifupi 320 aliwonse ngati galimoto ikuthamanga kupitirira makilomita 19 pa ola. Liwiro likatsika kuposa pamenepo, imasiya kuwerenga mtunda n'kuyamba kuwonjezera masenti 70 pa masekondi 60 aliwonse. Malire amenewa sanangowasankha: pa liwiro limenelo, mamita 320 amatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho mtengo wa nthawi ndi wa mtunda zimakumana pamenepo. Mumizinda ina mita imawerenga zonse ziwiri nthawi imodzi, koma njira yosinthanayi ndi yofala kwambiri.

[Chithunzi: masamu akulembedwa pasikirini, mzere ndi mzere.]

Ulendo wa makilomita 8 popanda chotchinga ndi magawo 25 a masenti 70, kutanthauza madola 17.50. Onjezerani madola 3 oyambira, akwana 20.50. Mukaima mphindi 10 pamdipiti wa magalimoto, pabwera madola 7 ena, ndiye 27.50, tisanaikepo zowonjezera za boma ndi za usiku. Mwaona? Mita ikamakwera galimoto itaima pamaloboti, si kuba. Ndi mmene anaipangira.

Kuba kwenikweni kumabisala pa kanambala kakang'ono ka pakona kaja. Mita imodzi imasunga mitengo ingapo: wa masana, wa usiku, wa masiku atchuthi, wa kunja kwa mzinda. Kanambala kapena kachilembo kameneko ndi kamene kamasonyeza mtengo umene ukugwira ntchito. Ku Paris ndi A, B ndi C. Ku London ndi manambala. Ku New York, nambala 1 ndi mtengo wamba wa mumzinda, 2 ndi mtengo wokhazikika wa pakati pa bwalo la ndege la JFK ndi Manhattan (dera la pakati pa mzindawu), pamene 4 ndi wa kumaboma ena a kunja kwa mzinda, umene umawirikiza kawiri. Mu 2010 bungwe loyang'anira matakisi mumzindawu linapeza kuti madalaivala ena ankadina 4 ali mkati mwa mzinda, okwera osazindikira kanthu. Mita inali yabwinobwino. Chala cha munthu ndi chimene chinalakwa. Choncho mukangokhala pampando, yang'anani kanambalako, mukayerekeze ndi pepala la mitengo limene nthawi zambiri limamatidwa pazenera kapena kumbuyo kwa mpando wa dalaivala. Ngati ndi masana koma pakuoneka mtengo wa usiku, funsani nthawi yomweyo galimoto isanachoke.

Yang'ananinso ndalama imene ili pamita poyamba. Iyenera kukhala yoyambira yokha. Ikakhala yokwera kale, ndiye kuti dalaivala sanafufute ulendo wa munthu wina, kapena anaiyatsa akukudikirani.

Mita yosokonezedwa dala iliko, ngakhale si yofala ngati mmene anthu amaopera. Oyeza miyezo a boma akamaliza kuyeza mita amaitseka ndi kawaya kokhala ndi chidindo. Kawayako kakaduka, pali amene analowamo. Ena amalumikiza kabatani kobisika kamene kamatumiza timauthenga tabodza kuti mita ione ngati galimoto yayenda mtunda wautali. Ngakhale matayala aang'ono kuposa amene anayezera mita amakweza mtengo, chifukwa amazungulira kambiri pamtunda womwewo. Njira yogwirira zonsezi ndi imodzi: tsitsirani mapu a mzindawo pafoni musananyamuke kwanu, kuti azigwira ntchito popanda intaneti. Mukadziwa mtengo wa kilomita imodzi, onani pamapu pamene mwayenda makilomita awiri, muone ngati mita ikugwirizana nazo. Ikamadumpha masekondi angapo aliwonse galimoto ikuyenda bwinobwino, pemphani kutsika pamalo owala, pomwe pali anthu. Mapu omwewo akuuzaninso ngati mukuzungulitsidwa, ngakhale pamenepa tisafulumire kuweruza: dalaivala wabwino amatha kudutsa njira yotalikirapo pothawa mdipiti. Mufunseni mwaulemu, amve kuti mukutsatira.

Nanga akati mita yawonongeka? Mumzinda umene lamulo limafuna mita, takisi ya mita yowonongeka siyenera kukhala pamzere. Tsikani, tengani yotsatira.

[Chithunzi: chikwangwani cha mitengo yokhazikika pamalo okwerera matakisi.]

Si mabwalo onse amene amayendera mita. Ena ali ndi mtengo umodzi wokhazikitsidwa ndi boma wopita pakati pa mzinda. Kuchokera pa JFK kupita ku Manhattan ndi madola 70, kuwonjezera ndalama za pazipata zolipiritsa za m'misewu ndi zowonjezera zina zalamulo. Ku Paris, mu 2024, kuchokera pabwalo la Charles de Gaulle anali mayuro 56 kupita tsidya la kumpoto kwa mtsinje wa Seine, ndi mayuro 65 kupita tsidya la kumwera. Mitengo yotere imasinthidwa, ndiye onani tsamba la intaneti la bwalolo sabata imene mukunyamuka. Mukakwera, tchulani nokha: "Mtengo wokhazikika, 56, eti?" Dalaivala akamva kuti mukudziwa, nkhani imathera pomwepo.

Ku Bangkok, pabwalo la Suvarnabhumi, mumatenga kapepala pamakina, kamene kamakuuzani malo pamene takisi yanu yaima. Mumalipira za pamita, kuwonjezera 50 baht (ndalama za ku Thailand) ya bwalo, ndipo ndalama za pamsewu wolipiritsa zimakhala zanu. Kapepalako kali ndi zizindikiro za galimotoyo. Musakapereke kwa dalaivala, ndi umboni wanu.

Kwina, monga ku Delhi ndi ku Mexico City, kuli maofesi olipiriratu. Mumatchula kumene mukupita, mumalipira pawindo, n'kulandira tikiti. Ku Delhi dalaivala amakalandira ndalama zake akapereka tikitiyo, choncho muisunge mpaka mutafika pakhomo penipeni pa kumene mukupita. Mukaipereka poyambira, palibe chomukakamiza kukufikitsani. Apa m'pamene pamatulukira bodza lija lakuti hotela yanu inatsekedwa, kapena msewu wake watsekedwa, koma iye akudziwa ina yabwino. Hotela inayo imamulipira. Imbirani hotela yanu ndi foni yanu, osati yake, chifukwa amene angayankhe pafoni yake akhoza kukhala mnzake.

Mapulogalamu a pafoni monga Uber, Bolt ndi Grab amathandiza chifukwa mumaona mtengo musanakwere, ngakhale umakwera anthu akachuluka. Mabwalo ambiri ali ndi malo akeake okwerera magalimoto amenewa. Yerekezani nambala ya galimoto ndi ya pafoni, chilembo ndi chilembo. Dalaivala akati muthetse ulendo pa apu kuti mumulipire pamanja, kanani. Mukathetsa, kampani sidziwanso kuti muli m'galimoto imeneyo.

[Chithunzi: wapaulendo ndi dalaivala aima panja pa galimoto, foni ikusonyeza nambala.]

Kumene kulibe mita kapena mtengo wokhazikika, mumanenerera. Funsani kaye anthu awiri amene sapindulapo kanthu, monga wa kuofesi yofunsira zinthu ndi wa kuhotela yanu. Kenako mukamagwirizana ndi dalaivala, muli panja, tsekani mipata inayi. Mtengowo ndi wa ndalama za dziko liti? "Fifite" ikhoza kusanduka madola mukafika. Ndi wa galimoto yonse kapena munthu mmodzi? Katundu ali momwemo? Nanga za pazipata ndi zoimikira galimoto pabwalo? Lembani nambalayo pafoni, mumuonetse, avomere ndi mutu. Zikuoneka ngati zochulutsa, koma pamene zinenero zasiyana, nambala yolembedwa ndi imene nonse mumaimva mofanana.

Jambulani nambala ya galimoto musanakwere, muitumize kwa wachibale. Chikwama chaching'ono chokhala ndi pasipoti, ndalama ndi mankhwala chikhale pamiyendo panu, osati kubuti.

[Chithunzi: manja akupereka ndalama yapepala.]

Polipira pali misampha iwiri yakale. Woyamba ndi "ndilibe chenji". Mukatapa ndalama pa ATM ya pabwalo, gulani kanthu kakang'ono kuti mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono. Wachiwiri ndi kusinthanitsa ndalama: mwapereka ya 50, iye waitsitsa m'munsi kamphindi, n'kukuonetsani ya 5 yofanana nayo mtundu, akuti mwalakwitsa. Munthu wotopa amene sakuzidziwa ndalamazo amapepesa n'kuwonjezera. Perekani imodziimodzi, mukutchula mokweza kuti "iyi ndi 50", ndipo musaitaye m'manja mpaka ataiona.

Ngati mukulipira ndi khadi, funsani musanakwere ngati makina akugwira ntchito. Werengani ndalama imene yalembedwa pamakinawo musanadine nambala yanu yachinsinsi, chifukwa ziro mmodzi wowonjezera saoneka msanga usiku. Makina akakufunsani kuti mulipire mu ndalama za kwanu kapena za dzikolo, sankhani za dzikolo. Mukasankha za kwanu, kasinthidwe kake kamakhala kokudyerani.

Tsikani kaye, tsitsani katundu yense, muwerenge zikwama, kenako lipirani. Pakabuka mkangano, musalimbane naye m'galimoto kapena pamalo amdima. Lowani naye pakhomo pa hotela, wolandira alendo akuthandizeni, chifukwa iye amadziwa mtengo woyenera ndiponso chinenero. Koma munthu akayamba kuopseza ndipo muli nokha, lipirani, chokanipo, mukadandaule pambuyo pake.

Pomaliza pemphani risiti. Mita zambiri zimasindikiza yokhala ndi nambala ya laisensi ya takisiyo, nthawi, mtunda ndi mtengo umene unadinidwa. Pokadandaula, bungwe loyang'anira matakisi kapena apolisi a pabwalo adzafuna zinthu zimenezi, pamodzi ndi chithunzi cha nambala ya galimoto chija. Ndipo mukazindikira muli kale m'chipinda kuti foni kapena chikwama chatsalira pampando wakumbuyo, nambala ya pa risitiyo ndi imene adzagwiritse ntchito pomupeza dalaivalayo.