Gawo 7: Kuwerengera nyumba isanamangidwe

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kuno ku Indiana, ku America, komwe ndili ineyo. Lero ndajambula usiku chifukwa ndangochoka mkalasi ya estimating, yowerengera mtengo wa nyumba isanamangidwe, ndipo mutu wadzaza manambala okhaokha, ndiye ndati bola ndikambe zomwezi zikadali zotentha.

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi community college ndi chani kwenikweni. Ndi sukulu ya zaka 2, ukamaliza umatenga associate degree, ukafuna umapitiliza ku yunivesite zaka zina 2 kuti upeze bachelor's. Fizi yake ndi yotsikirapo kusiyana ndi yunivesite koma musanamizidwe abale anga, ife a viza ya ophunzira ya F-1 timalipira mtengo wa anthu akunja, ndipo lamulo limatilola kugwira ntchito pa kampasi pokha, maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ganyu wa ku site, komwe akumanga, sungangopita, mpaka sukulu ikuvomereze CPT, chilolezo chogwira ntchito yokhudzana ndi maphunziro ako. Ine pano ndimakonza mabuku mu laibulale.

Ndikuphunzira construction management. Sikuti amatiphunzitsa kuyala njerwa ayi, ndi ntchito ya munthu amene amayang'anira pulani, ndalama, nthawi ndi anthu pa site. Kwathu tingati foromani koma wokhala ndi kompyuta komanso udindo wa kontalakiti yonse.

Semesita yoyamba zinandivuta ndi miyezo. Kwathu tinakula ndi mamita, kuno zonse ndi mafiti ndi mainchesi, konkire amagula pa cubic yard. Tsiku lina mu lab aphunzitsi anandipatsa thabwa lomwe amati 2x4, ndinayeza ndi tepi ndikupeza mainchesi 1.5 ndi 3.5, ndinayezanso kawiri kenako ndinapita kukawauza kuti thabwali ndi lopelewera. Anandikhazika pansi bwinobwino nkundifotokozera kuti 2x4 ndi dzina chabe, thabwa likaumitsidwa ndi kupalidwa limachepa. Nyumba zambiri kuno ndi za matabwa amenewa, amawaimika motalikirana mainchesi 16, mkati amakhomamo mabodi otchedwa drywall. Ndipo maziko kuno kumpoto kwa Indiana amakumba mainchesi 36 chifukwa nthawi yozizira nthaka imauma gwa ngati mwala, madzi a m'dothi akaundana amafufuma nkukankha maziko osaya mpaka khoma kung'ambika. Kwathu timaopa chiswe ndi madzi a mvula, kuno amaopa chisanu.

Tinapanganso maphunziro a OSHA 10, a maola 10 a za chitetezo pa ntchito, OSHA ndi bungwe la boma loona zimenezi kuno. Lamulo lake munthu akamagwira ntchito pamwamba kuyambira mafiti 6 azikhala ndi chomuteteza kuti asagwe. Nditamva zimenezo ndinakumbukira anyamata omwe ankakhoma malata kwa aneba athu, atavala masilipasi, akuyenda pa mitanda popanda ngakhale chingwe, ndipo ine ndinkangoona ngati ndi mmene ntchito imakhalira. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Koma chomwe chandigwira kwenikweni ndi estimating yomweyi. Amakupatsa pulani, umatsegula mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Bluebeam, umawerenga chilichonse, zitseko zingati, konkire yochuluka bwanji, matabwa angati, amisiri atenga maola angati, kenako umaonjezera ndalama ya zinthu zoonongeka ndi ina yodikirira zadzidzidzi. Zonsezi munthu asanagwire fosholo.

Bambo anga anayamba kumanga nyumba ine ndili ku pulaimale. Anaumba njerwa, tinaotcha uvuni, ineyo ndinkatuta mchenga pa wilibala ndikaweruka kusukulu. Mmisiri anangoyang'ana malowo nkutchula matumba a simenti apakamwa, palibe amene analemba chilichonse. Matumba aja anatha khoma litangofika pamawindo. Nyumba ija inaima choncho zaka ndi zaka, mvula ikudya njerwa, udzu kumera pabalaza, bambo akapeza kandalama amagula matumba 5 kenako zimaimanso. Anthu ena ankati ndalama anadyera zina. Si zoona, bambo anga ndi munthu wolimbikira, kungoti panalibe wowauza mtengo wonse pachiyambi kuti mwina amange ya zipinda ziwiri kaye nkuimaliza.

Loweruka lapitali ndinawaimbira foni. Ndinawapempha kuti atenge tepi ayeze makoma onse, iwo akutchula ine ndikulemba mu Excel, tinatha pafupifupi ola lathunthu netiweki ikudukaduka. Mchemwali wanga ndamutuma kuti Lolemba akafunse mitengo ya simenti, kwale, zitsulo za ring beam ndi malata. Pomaliza bambo anangoti "ndiye ukawerengera undiuze zoona zake mwana wanga, usandibisire". Manambala akabwera ndidzakuwerengerani gawo likubwerali. Gonani bwino.