Makalata a omvera: Chikho chakoma, nanga ligi?

Mwaswera bwanji omvera nonse a kuno ku Mzuzu ndi madera ozungulira. Monire mose. Sabata yatha tinasiyana ndi funso lakuti: timu imene ikukwawa kumunsi kwa ligi ikachotsa chimphona mu chikho, masapota ake avine kapena ayambe kuopa nkhwangwa yotulutsa timu mu ligi? Makalata abwera ochuluka, ena apapepala, ena pa WhatsApp. Ndasankha amene ali ndi mfundo zogwirika. Otukwana oyimbira mpira ndawaika pambali.

Tiyambe ndi bambo wina wa ku Katoto. Akuti:

"Zikomo aulutsi. Chikho sichipereka pointi ngakhale imodzi, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Ligi yaikulu ili ndi matimu 16, timu iliyonse imasewera magemu 30, ndipo matimu atatu akumunsi amatuluka. Tiyerekeze kuti timu yasewera magemu 22 n'kupeza mapointi 19, pomwe timu ya pa nambala 13, malo oyamba opulumukira, ili ndi 24. Atsala magemu 8. Ikalepherana m'magemu onsewo ipeza mapointi 8, imaliza ndi 27. Ikapambana atatu okha n'kugonja asanu ipeza 9, imaliza ndi 28. Masapota ambiri sakhulupirira, koma yogonja kasanu ija yaposa yosagonja n'kamodzi komwe.

"Gemu yofunika kwambiri si ya Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers), ndi ya timu ya pa nambala 13 ija. Mukaigonjetsa mufika pa 22, iyo ikhalabe pa 24, mpata watsala wa mapointi awiri. Ikakugonjetsani ipita pa 27, inu muli pa 19, mpata wa mapointi 8. Mukalepherana mpata ukhala womwe uja wa 5, koma gemu imodzi yapita. Musaiwalenso kusiyana kwa zigoli. Kugonja 1-0 ndi kugonja 4-0 konse kulibe pointi, koma tsiku lomaliza mukafanana mapointi ndi mnzanu, zigoli zitatu zija zidzakufunsani."

Bambo a ku Katoto, masamu anuwa ndawabwereza pa pepala ndipo ndi oona. Ndiwonjezere nkhani imene aliyense wotsata mpira wa ku England amaidziwa. Pa 11 May 2013 Wigan Athletic, pansi pa mphunzitsi Roberto Martínez, inagonjetsa Manchester City 1-0 mu fainolo ya FA Cup pa Wembley. Ben Watson anamwetsa ndi mutu pa kona, nthawi itatsala pang'ono kutha. Pa 14 May, patangopita masiku atatu, Arsenal inaithibula 4-1 ndipo Wigan inatuluka mu Premier League chikho chili m'manja. Inamaliza ndi mapointi 36. Birmingham City nayo mu 2011 inatenga League Cup pogonjetsa Arsenal 2-1, chaka chomwecho n'kutuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kalata yachiwiri yachokera ku Chibavi, ndipo ndi yaitali, koma ndiiwerenga yonse chifukwa ikuyankha funso limene ambiri mwafunsa: zitheka bwanji kugwetsa chimphona Lachitatu n'kukanika kuchinya timu ya kumunsi Lamlungu?

"Akulu, magemu awiriwa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mu chikho timu yaing'ono imalowa m'bwalo ikudziwa kuti 0-0 imaifikitsa ku mapenate, ndipo pa mapenate dzina la timu silimenya mpira. Ndiye imaika otchinga kumbuyo anayi, apakati asanu, kutsogolo mmodzi wothamanga. Mpata wa pakati pa otchinga ndi apakati sumapitirira mamita 10 kapena 15, kuti wosewera wa nambala 10 wa timu yaikulu, wogawira omwetsa zigoli mipira, asapeze potembenukira. Amawasiyira mpira m'mbali dala, chifukwa mpira woponyedwa kuchokera m'mbali otchinga aatali amauchotsa ndi mutu. Timu yaikulu ikatopa n'kudikira imakweza otchinga ake am'mbali onse awiri, kumbuyo kumatsala anthu awiri ndi bwalo lonse. Mpira umodzi wautali, mnyamata wothamanga uja watulukira, chigoli.

"Lamlungu kukubwera timu imene nayonso ikuthawa nkhwangwa, ndipo pointi imodzi ya koyenda ikuikwanira. Tsopano iwo ndi amene akhala kumbuyo, mpira akupatsani inu. Mnyamata wothamanga uja alibe kothamangira. Apakati asanu aja anasankhidwa chifukwa cha kulanda mpira, osati kuugawa. Pofika mphindi ya 60 masapota ayamba kukuwa, otchinga ayamba kungoponya mipira yam'mwamba, ndipo pa mphindi ya 80 alendo akuchinyani chigoli chomwe chija munachinya chimphona.

"Chochita ndi ichi. Pa gemu yotere muike omwetsa zigoli awiri, wina wolimbana ndi otchinga, wina wotola mipira yogwa. Osewera am'mbali aime pa mzere penipeni kuti otchinga a adani atambasuke. Wapakati mmodzi asakwere zivute zitani, akhale kutsogolo kwa otchinga awiri apakati. Ndipo makona ndi mafirikiki aziphunziridwa mphindi 20 tsiku lililonse la maphunziro: womenya akhale mmodzi wodziwika, wina athamangire mtengo wapafupi kukapatutsa mpira, awiri aatali abwere mochedwa ku mtengo wakutali, mmodzi adikire kunja kwa bokosi. Timu yosowa zigoli njira yake yachidule ndi imeneyi."

Achimwene a ku Chibavi, pamenepa mwalasa. Pamodzi pokha ndisiyana nanu. Omwetsa zigoli awiri amafuna wowapatsa mpira, ndipo matimu ambiri akumunsi ali kumeneko chifukwa munthu ameneyo alibe. Ngati palibe, kuli bwino kukankhira wotchinga wamtali kutsogolo mphindi 15 zomaliza kusiyana ndi kuyamba ndi anthu awiri ongoima. Ndiwonjezerenso za nyengo yathu. Kamvula ka ku Mzuzu kakawaza, mpira wapansi umathamanga ndipo goloboyi saugwira kamodzi. Tsiku lotero menyani kuchokera kunja kwa bokosi, motsika, wina akhale tcheru kutsatira wolavulidwa. Matimu athu amafuna kulowa ndi mpira mpaka mu ukonde, mwina poopa kukuwizidwa akaphonya.

Mayi wina wa ku Luwinga walemba mwachidule, ndipo sakugwirizana ndi mantha onsewa:

"Aulutsi, musatiphere chimwemwe. Ekwendeni Hammers inafika mu fainolo ya FDH Bank Cup mu 2021 ili yachilendo mu ligi, ngakhale inagonja 2-0 ndi Silver Strikers. Blue Eagles mu 2024 inalanda chikho chomwecho kwa Bullets pa mapenate. Chikho chimabweretsa ndalama, chimadzaza bwalo, ndipo wosewera amene wagonjetsa timu yaikulu salowanso m'bwalo miyendo ikunjenjemera."

Mayi, chimwemwe chanu sindichikhudza. Zoti wosewera amalimba mtima ndi zoona, ndipo ndalama za pageti zikalipira maalawansi otsalira, phindu lake limaoneka Lamlungu lotsatira. Koma chitsanzo cha Blue Eagles chili ndi mbali ina. Pamene inkatenga chikhocho inali itatuluka kale mu ligi yaikulu kumapeto kwa 2023, inkasewera ligi yaing'ono. Inabwerera, inde, koma ndi timu ya apolisi, osewera ake ali pa ntchito ya malipiro. Timu yodalira thumba la munthu mmodzi ikatuluka, osewera abwino amatengedwa mwezi womwewo ndipo wothandiza amazimitsa foni.

Tipite ku Mchengautuwa. Kalata iyi ikukamba za miyendo ndi msewu.

"Bwana aulutsi, timu ya kumpoto imalipira chikho kawiri. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 600: Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Zalewa. Ndi tsiku lathunthu munthu atapinda mawondo m'basi. Thupi la wosewera amene wathamanga mphindi 90 limafuna maola 48 mpaka 72 kuti libwerere m'malo, ndipo maola a m'basi sawerengedwa ngati kupuma. Timu ikasewera chikho Lachitatu kummwera, Lachinayi lonse ili pa msewu, Lachisanu miyendo ndi yolemera, Loweruka ikungokonzekera mopepuka, Lamlungu gemu ya ligi. Sabata yonse sinaphunzire kanthu.

"Zimene zimathandiza: basi iime maola awiri kapena atatu aliwonse, anyamata atsike ayende mphindi 10. Madzi akhale m'basi, osadikira ludzu. Akatha gemu adye pasanathe ola, nsima kapena mpunga ndi ndiwo za nyama, mazira kapena nyemba, osati kugona ndi mabisiketi. Tsiku lofika asathamangitsidwe, angowongola thupi mphindi 20 kapena 30. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi imene imayamba kuduka wosewera akatopa, ndipo ikaduka ndi masabata angapo ali panja.

"Malamulo amalola kusintha osewera asanu pa mipata itatu, osawerengera nthawi yopumira. Mphunzitsi agwiritse ntchito onse asanu mu chikho, ndipo oyamba kutuluka akhale amene ligi ikuwadalira. Woyang'anira timu asunge kabuku ka makadi achikasu n'kuwerenga malamulo a mpikisano uliwonse, kuti kaputeni asadzaphonye gemu yolimbana ndi timu ya pa nambala 13 ija chifukwa cha khadi yotolera kukangana ndi woyimbira."

Palibe chochotsera, akulu. Funso limene kalatayi yalizungulira ndi lakuti mphunzitsi apumitse osewera ake odalirika mu ndime yotsatira ya chikho kapena ayi. Maganizo anga ndi awa: ayang'ane gemu ya ligi imene ikutsatira. Ngati ndi ya koyenda kwa timu ya pamwamba, kumene pointi n'kale lomwe inali yokayikitsa, aponye onse mu chikho. Ngati ndi ya pakhomo ndi mnzake wa kumunsi, atatu kapena anayi apume, makamaka apakati ndi wothamanga uja, ndipo atiuze masapota poyera chifukwa chake gemu isanayambe. Tidzanyinyirika ndithu, koma tidzamva.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Zolozolo, mizere itatu yokha:

"Kochi achoke. Chikho apambana ndi anyamata, ligi akuluza ndi iyeyo. Komanso tsiku la gemu timu isamalowere pageti, adani amakhala atathirapo zinthu."

Mphwanga, anyamata amene anapambana aja anawasankha ndani? Za pageti ndingokuuza kuti wolumpha mpanda amang'amba kabudula, mwinanso kubinya bondo, ndipo timu imatha kulipitsidwa chindapusa ndi ndalama zomwe zija za chikho.

Za mphunzitsi tiyeni tikambe mozama pang'ono. Kutatsala magemu 8, wobwerayo apeza osewera omwewo, chifukwa nthawi yogula ena yadutsa. Magemu awiri oyamba amathera kuphunzira maina ndi kudziwa amene amamenya ndi mwendo wamanzere. Wochotsedwayo naye ali ndi kontirakiti, ayenera kulipidwa. Musanafike pamenepo, akuluakulu a timu akhale pansi ndi kuona zinthu zitatu m'magemu asanu apitawa. Kodi timu ikupanga mipata n'kumaphonya, kapena siikufika n'komwe pagolo? Zigoli ikuchinyidwa mphindi ziti? Ngati zambiri zikulowa mphindi 15 zomaliza, vuto ndi mphamvu ndi kasinthidwe ka osewera, ndipo zimenezo zimakonzeka popanda kuchotsa munthu. Chachitatu, akachinyidwa chigoli choyamba, anyamata akuthamangabe kapena akuyang'anana? Ngati asiya kumuthamangira mphunzitsi, pamenepo ndiye ndivomerezana nawe, ndipo wolowa m'malo akhale wothandizira wake amene akuwadziwa kale osewerawo.

Nthawi yatithera, makalata a ku Chiputula ndi ku Ekwendeni tidzayamba nawo sabata yamawa. Amene muli ndi ndandanda wa magemu otsala, lembani m'mene mukuonera mapointi a gemu iliyonse kwa matimu asanu akumunsi, tidzawerengere limodzi pompano. Yewo chomene.