Chubu Chikudontha? Musathamangire Kuwonjezera Mphamvu pa Expander

Moni amisiri anzanga a ku Nchalo, Ngabu, Chikwawa mpaka Nsanje uko. Khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa kachizolowezi kamene ndikukamba leroka kawonongetsa zitsulo zambiri kuno kuchigwa.

Tiyambe mwachangu. M'fakitale ya shuga, madzi a nzimbe amayenda m'kati mwa machubu, nthunzi ili kunja kwake, kutentha n'kumadutsa pakhoma la chubu. Machubuwo amalowa m'mabowo a chimbale chachitsulo chija timati tube plate. Timalowetsa expander, chida chofutukulira chubu, kukamwa kwa chubu, timarola, chubu chimafutukuka mpaka kukanirira m'bowo. Pofutukuka apo khoma lake limapyapyala, ndipo kupyapyalako kuli ndi malire ake.

Choyamba, pukutani bowo ndi nsonga ya chubu. Dzimbiri, mafuta, zotsalira za manyuchi, zonse zichoke.

Chachiwiri, yezani musanarole. Tengani cholembera. Tinene kuti chubu chanu kunja ndi mamilimita 50, khoma lake 2, ndiye kuti m'kati ndi 46. Bowo ndi 50.4, choncho mpata ndi 0.4. M'kati mukafika 46.4, chubu changokhudza bowo basi, sichinagwire. Kupyapyala kumayambira pamenepo. Ngati mukufuna khoma lipyapyale ndi 6 peresenti, phatikizani makoma awiri, ndi 4, mutengepo 6 peresentiyo, mupeza 0.24. Ndiye muime pa 46.64. Zitsulo wamba zimalola cha m'ma 5 mpaka 8 peresenti, mkuwa umapitirirako pang'ono, titanium imafuna zochepera, koma nambala yeniyeni muitenge kwa amene anapanga makinawo. Ngati masamuwa akuthandizani, dinani kachala ka like, ndipo amene simunapange subscribe, batani lili m'munsimu.

Tsopano chachitatu, chimene chimandiwawa mtima. Mumamva anthu akuti, "Chikadontha, ingomanganso kwambiri, chigwira." Ayi, achimwene! Mvetsani chimene chimagwira chubu. Mukarola bwino, chubu chimafutukuka osabwereranso, pamene chimbale chimangotanuka pang'ono ngati lamba wa mphira. Mukatulutsa expander, chimbale chimabwerera n'kufinya chubu chija. Kufinyako ndiko kumatseka madzi. Mukapyola muyeso, chimbale nachonso chimafooka, sichibwereranso, mphamvu yofinya ija yatha. Mwawonjezera nyonga, koma mfundo mwaimasula.

Ndipo sizithera pomwepo. Pakati pa bowo ndi bowo pamakhala kachitsulo kochepa. Mukakakankha, bowo loyandikana nalo limapotoka, chubu chimene chinali bwinobwino n'kuyamba kudontha. Mukathamangira kurola chimenecho, chachitatu chayamba. Ndinadzionera ndekha pa ntchito ina, mnzathu akutsata kudontha kuchokera chubu china kupita china tsiku lonse, kunja kukuwotcha mmene kumachitira kuno mwezi wa Okutobala, mpaka zinafika pofuna kukonza mabowo enieniwo.

Chitsulonso chimauma. Pindani waya kangapo pamalo amodzi, muona akulimba kenako n'kuthyoka. Chubu chorola mopyola chimachita chimodzimodzi, makamaka cha stainless, chimene chimauma msanga. Mukasuzumira m'kati n'kuona timamba tikusendeka, dziwani kuti chubucho chatha ntchito, chichotseni. Komanso chitsulo chimene mwafinyacho sichisowa, chimathawira m'litali, chubu chimatalika n'kumakankha chimbale mpaka kuchikhotetsa. Kurolanso pang'ono chubu chodontha n'kololedwa, inde, koma mutayeza kaye n'kuona kuti malo akadalipo. Lembani m'makomenti ngati munakumanapo nazo zimenezi, ndimawerenga uthenga uliwonse.

Chachinayi, musarole kupyola kumbuyo kwa chimbale. Malamulo a TEMA, bungwe la opanga zipangizo za machubu zoterezi, amakaniratu zimenezi, ndipo ambiri timasiya mamilimita atatu tisanafike kumapeto. Kuseri uko kulibe chochirikiza chubu, chimangotupa n'kudzang'ambika pambuyo pake.

Chachisanu, makina a torque, amene amaima okha mphamvu yorolera ikafika pamuyeso umene mwatchera. Rolani machubu angapo oyesera, yezani, mukapeza nambala yanu ndiye mutchere makinawo pomwepo, ndipo musaiwale mafuta pa expander.

Fakitale ikaima nyengo yadzinja, ambiri mwa inu mukhala mukusintha machubu a ma evaporator, ziwiya zophikira madzi a nzimbe, ndiye kanemayu mutumizireni mnzanu pa WhatsApp isanafike nthawiyo. Sabata yamawa tidzaona mmene timayesera polumikizana chubu ndi chimbale ndi madzi opopa tisanatsegule nthunzi.