Kodi Opaleshoni ya Msana Imapuwalitsa? Onerani Musanakane Kusaina

[Woulutsa waima panja, phiri la Zomba likuoneka kumbuyo]

Dokotala akangonena kuti msana wa bambo ukufunika opaleshoni, mafoni amayamba kulira. Wa ku Jali waimba, wa ku Joni waimba, malume a ku Thondwe afika ndi minibasi yam'mawa. Pofika madzulo nkhani yatha kale: musasaine, akakawatsegula pamsana sadzayendanso. Mawu amenewa akukhazika pansi anthu amene akanatha kuyenda, ndipo lero tithana nawo.

Muli bwanji nonse, takulandirani. Ngati ndi koyamba kutipeza, dinani sabusikiraibu ndi kabelu kali pambali pakeko. Mfundo ndili nazo zisanu, koma yachitatuyo musaiphonye.

[Chithunzi cha mafupa a msana]

Yoyamba, mwachangu. Msana ndi timafupa 33 tosanjikizana. M'khosi muli 7, pachifuwa 12, m'munsi cha m'chiuno 5, totsalato tinamatirirana kumapeto. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanyama kofewa kotchedwa disiki. M'kati mwa mafupawo muli mphako, ndipo m'mphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umalamula manja, miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Basi, zakwana.

Yachiwiri. Anthu ambiri omva msana safunika mpeni ayi. Mwa anthu khumi, pafupifupi asanu ndi anayi vuto lawo silikhala loopsa: khasu, kusenza mtolo wa nkhuni kutsika nawo ku Chawe, kukhala pa njinga tsiku lonse. Ngakhale disiki ikafufuma n'kupana mtsempha, ululu n'kumatsika mpaka kuphazi, ambiri amapeza bwino pakadutsa masabata 6 mpaka 12 ndi mankhwala, mafizo ndi kuyendayenda. Choncho dokotala akatchula opaleshoni, dziwani kuti waona china chake.

Tsopano yachitatu. Khalani bwino.

[Mawu pa sikirini: "Akakuchita opaleshoni ya msana sudzayendanso"]

Ndimamvetsa kumene mantha amenewa amachokera. Aliyense wa ife amadziwa munthu amene anapita ku fiyeta n'kubwerako pa njinga ya olumala. Munamuona ndi maso anu, sindikukutsutsani. Koma ndiyankheni funso limodzi m'makomenti: popita ku fiyetako, ankayenda yekha?

Nthawi zambiri yankho ndi ayi. Anachita kunyamulidwa. Miyendo inayamba dzanzi m'dzinja, anamutema mphini, anamuthowa ndi masamba, anamupempherera, anagula mapiritsi a ululu pa golosale. Kuchipatala wafika m'chilimwe, mkodzo sakuumvanso. Madokotala achita zomwe akanatha, miyendo sinadzuke, ndiye mudzi wonse ukuti opaleshoni yamupuwalitsa. Ayi, abale anga. Matenda ndi amene anamupuwalitsa, opaleshoni inafika mochedwa.

Ikani njerwa pa kapinga. Mukaichotsa patapita masiku awiri, udzu umakhala utafota koma umadzukanso. Muisiye miyezi, mukachotsa mupeza dothi lokhalokha. Mtsempha wopanidwa ndi chimodzimodzi. Ntchito ya dokotala ndi kuchotsa chopanacho. Kudzutsa mtsempha umene unafa kale sangathe, kaya ndi ku Blantyre, ku India kapena ku London.

Ndiye pali ichi chimene ambiri sadziwa. Mtsempha waukulu uja sufika mpaka pansi. Mwa munthu wamkulu umathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, madokotala amati L1 ndi L2. Kutsika apo kumangokhala timitsempha tomwazikana. Ma disiki ambiri amene amavuta ali pansi penipeni, pa L4, L5 ndi S1, kutanthauza fupa lachinayi ndi lachisanu la m'chiuno komanso loyamba la omatirirana aja, kutali ndi pamene mtsempha waukulu unathera. N'chifukwa chake kupuwala chifukwa cha opaleshoni ya disiki ya m'chiuno n'kosowa kwambiri, sikufika ngakhale munthu mmodzi pa 100. Ambiri amadzutsidwa kuti aponde pansi tsiku lomwelo kapena mawa lake. Amenewo simuwadziwa chifukwa alibe chizindikiro. Mumakumana nawo mu msika wa Zomba akusankha matemba, chipsera chili m'kati mwa malaya.

Amayi, ndikudziwa mukufuna kufunsa za jakisoni wa pamsana uja amabaya pochita opaleshoni yobereka. Nayenso amabayidwa pansi pa pamene mtsempha waukulu unathera, dala. Miyendo imalemera kwa maola ochepa kenako imabwerera. Ena mutu umawapweteka masiku angapo, pobayapo pamawawa pang'ono. Koma msana wopweteka patapita zaka zitatu, mwana ali kumbuyo, ndowa ili pamutu, tisamangounamizira jakisoni.

Sindikunena kuti palibe choopsa, ndingakhale ndikukunamizani. Bala litha kulowa tizilombo n'kuchita mafinya. Magazi atha kutayika. Disiki itha kufufumanso pamalo omwewo. Opaleshoni ya m'khosi ndi ya pachifuwa imachitika pafupi ndi mtsempha waukulu weniweniwo, choncho chiopsezo chake ndi chokwererapo. Komanso opaleshoni ya disiki imathetsa bwino ululu wotsikira m'mwendo kusiyana ndi ululu wa pamsana penipenipo. Zonsezi dokotala ayenera kukuuzani musanasaine, ndipo ndi ufulu wanu kufunsa mpaka mutamvetsa. Chimene chimandipsetsa mtima ndi chakuti munthu amene sanaonepo ngakhale chithunzi cha X-ray cha wodwalayo ndi amene amagamula, wodwala ali chete pa bedi.

Tsopano lembani izi, kapena jambulani sikirini.

[Mawu pa sikirini, limodzilimodzi]

Msana ukupweteka, ndipo mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka osaumva. Chimbudzi chikutuluka chokha. Dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, moti podzipukuta simukumva kanthu. Miyendo ikufooka, phazi likukwekwereza, patapata akuvuka osadziwa. Mukaona chimodzi mwa izi musadikire Lolemba, musadikire malume. Apa timawerenga maola. Pitani ku Zomba Central tsiku lomwelo, ndipo pofika nenani za mkodzozo poyambirira, musachite manyazi. Akaona kuti pakufunika MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi mpaka mitsempha kuoneka, kapena dokotala wa msana, akulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Lilongwe nako, pa Kamuzu Central, kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION chimene chinatsegulidwa mu 2023.

Ndipo musaiwale TB. Ambiri timaidziwa ngati chifuwa, koma imalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya. Munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, msana umawawa ngakhale atagona, kenako pamsana pamatuluka kalinunda kosongoka. Kumudzi amathamangira kunena kuti waponda mankhwala. Imeneyi ndi TB, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa miyezi yosachepera 6 ndipo pa msana nthawi zambiri amapitirira apo. Ambiri amachira ndi mankhwala okha, ngakhale ena amene miyendo inayamba kale kufooka. Koma afike msanga.

Imani kaye. Ngati pali gulupu ya banja pa WhatsApp imene imagamula nkhani za odwala, tumizani vidiyoyi kumeneko tsopano. Dinaninso laiki, kumeneko ndiye kumachititsa kuti YouTube iwaonetse ena.

[Chithunzi cha chiuno ndi bondo zoikidwa zitsulo]

Yachinayi, chiuno ndi mabondo. Pamene mafupa akumana pamakhala chichereŵechereŵe chosalala. Chikatha, fupa limakhulana ndi fupa, agogo n'kumati nyamakazi. Kwa achinyamata, kamutu ka fupa la m'chiuno katha kufa chifukwa magazi sakufikako. Izi zimaoneka kwa odwala siko selo (matenda a magazi obadwa nawo), omwa mowa kwambiri, omwa mankhwala a masiteroidi nthawi yaitali, ndi ena amene ali ndi HIV. Zikafika povuta, amachotsa malo owonongekawo n'kuikapo chitsulo ndi pulasitiki.

Njira yamakono yosinthira chiuno anaikhazikitsa dokotala wa mafupa John Charnley ku England cha m'ma 1962, ndipo ndi imodzi mwa maopaleshoni opambana kwambiri pa dziko lonse. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti ziuno zoikirira pafupifupi 58 pa 100 zimakwanitsa zaka 25, ndipo mabondo pafupifupi 82 pa 100. Ziwerengerozi n'zochokera kumayiko olemera, koma zikukuonetsani kuti si chinthu cha zaka ziwiri. Komabe pa bondo, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amatsalabe ndi kaululu. Vuto lathu lalikulu kuno ndi mtengo wa zitsulozo ndi mzere wodikira. Ndipo ayi, chitsulocho sichichita dzimbiri, sichiitana mphenzi. Mu Disembala mvula ikugwa ndi ziphaliwali, khalani m'nyumba monga wina aliyense.

Ana obadwa ndi mapazi opindika, awo musazengereze n'komwe. Njira ya Ponseti imawongola ndi zikhakha zosinthidwa sabata ndi sabata, ndipo imagwira bwino mwana akadali wakhanda. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002.

Yachisanu. Theka la zotsatira lili m'manja mwanu. Fodya amachedwetsa fupa kulumikizana, musiyeni. Shuga akhale wotsika, ma ARV osadumphitsa. Bala osapakapo chilichonse cha kunyumba. Mafizo amawawa, inde, koma bondo losapindidwa m'masabata oyambirira limauma. A gadiyani, chifundo chomugoneka wodwala tsiku lonse chimabweretsa zilonda za pabedi ndi magazi oundana m'miyendo. Wa mafizo akati adzuke, mudzutseni.

China chimodzi ndisanatseke, chifukwa ndimachiona pa msewu wa Chinamwali ndi Matawale. Kabaza wagwa, munthu akudandaula khosi kapena msana, anthu achifundo amugwira manja ndi miyendo n'kumupinda pa mpando wakumbuyo wa galimoto. Musatero. Fupa losweka litha kudula mtsempha pamenepo. Pezani thabwa kapena chitseko, mugonekeni chagada, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, anthu anayi anyamule pamodzi.

Sabata ya mawa tikhala pa nkhani ya kuthyoka kwa fupa la ntchafu: kugona masabata ambiri mwendo utakokedwa ndi cholemera, kapena kuikidwa chitsulo m'kati, chabwino n'chiti? Ngati munachitidwapo opaleshoni ya msana ndipo mukuyenda, lembani m'makomenti kuti munachitidwa chaka chiti, anthu akuwerengeni. Vidiyo ya mafizo a bondo ndi iyo yaonekera pakona. Tionana.